Dziko la Yotamu

Kuseri kwa shopu ya a Shawa, ku Kapata,
m'kachipinda konunkha parafini ndi sopo,
mlongo wanga Yotamu anamanga Chipata wachiwiri.
Analibe njerwa. Anali ndi kompyuta yotayidwa ku boma,
yoti ukaiyatsa inkalira ngati chigayo chakutali,
ndi kiyibodi yoguluka dzino limodzi.

Zaka zitatu.
Masana ankakonza mawayilesi a anthu,
usiku ankaumba phiri la Kanjala ndi timadontho tobiriwira.
Magetsi akathima mwadzidzidzi
msewu wa sabata yathunthu unkapita nawo,
iye n'kungoti, "Aa, basi," n'kuyatsa kandulo,
n'kuujambulanso m'kope langa la masamu.

Ine ndinali woyamba kulowamo.
Ndinafunsa, "Ndipite kuti?"
Iye anati, "Kumene ufuna."
Ndinakwiya. Masewera ena amakuuza:
lumpha apa, menya uyu, tola ndalama.
Awa anangondipatsa njinga
ndi kalata yopanda dzina la mwini wake,
n'kundisiya pamphambano.

Ndinapalasa. Ndinawoloka Lunkhwakwa,
madzi ake mizere itatu yosasuntha.
Ndinagula nthochi kwa mayi wa mutu wa makona anayi
amene ankadziwa mawu awiri okha.
Nditafika ku Mwami dziko linatha,
njinga inagwera mumdima, ikugwabe mpaka lero.
Yotamu anaseka mpaka kutsokomola:
"Kumeneko memore inandithera."

Tsiku lotulutsa anakopera madisiki makumi awiri,
nalemba dzina pa iliyonse ndi bolopeni yofiira.
Anyamata a pashopu ya mavidiyo anayesa mphindi zisanu.
"Mfuti ili kuti? Timenya ndani?
Nanga munthu adziwa bwanji kuti wapambana?"
Mphunzitsi wina wa ku Chizongwe anati nzeru zilipo
koma zathiridwa m'dengu.
Wanyuzipepala analonjeza kubwera Lachinayi.
Malachinayi anadutsa ngati mabasi a ku Lusaka.
Anagulidwa asanu ndi awiri. Awiri anabwezedwa.

Koma panali a Nyendwa, opalasa njinga yahayala,
amene bondo linawaletsa ntchito.
Loweruka lililonse ankabwera, n'kuvula chipewa,
n'kukhala pa kireti ya mabotolo.
Kalata ija sanaisamale n'komwe.
Ankangopalasa ndi chala chimodzi
kuchoka ku Kapata kupita ku Mchini, kubwerera,
akudandaula: "Mtunda uwu waupeputsa, mwana iwe.
Pano munthu amatsika n'kukankha."
Yotamu anaukonza usiku womwewo.
Loweruka linalo a Nyendwa anatsika, nakankha,
thukuta lenileni pamphumi,
mano onse pamtunda.

Ine ndinapeza china, mochedwa.
Kumapeto kwa Mchini, kumene kulibe chotola,
kuli kanyumba ka chitseko chobiriwira
ndi mpando wa amayi pakhonde, wopanda munthu,
nyumba ija anaigumula pokuza msewu.
Chitseko sichitseguka. Ndinayesa mabatani onse.
Koma ukaima pamenepo kanthawi,
kalata ija imachoka yokha m'thumba.
Sindinamuuze kuti ndaona.
Iyenso sanandifunse.

Yotamu ali ku Kitwe tsopano, amaika makamera m'mabanki.
Ndikakumbutsa, amati zinali zachibwana.
Ana a masiku ano ali ndi mizinda yathunthu m'mafoni,
ya mvula yooneka yonyowa
ndi zithunzithunzi zotsata munthu.
A Nyendwa tinawaika chaka chatha.
Disiki imodzi ili m'sutikesi mwanga, pansi pa zitenje,
ndipo m'Chipata muno mulibenso makina oiwerenga.

Koma ndikamadutsa pamphambano ija popita kuntchito,
nthawi zina ndimaima,
anjinga akundiimbira belu, ena akutukwana,
osadziwa kuti mayi waima pakati pa msewuyu
akudikira wina amuuze:
kumene ufuna.